Zala khumi za a Lestina Khuliwa

Akuti kwa Kapichi kuli mayi wina amene anakana chimanga chaulere m'chaka cha njala. Osati kukana kwaulemu kwa mlendo kuja, komati "ndadya kale" maso ali m'mbale. Ayi. Akuti anakaniratu, manja ali m'chiuno, pamaso pa komiti, abusa awiri ndi galimoto yoyera ya bungwe.

Mukaimvera pa siteji ya Makwasa, pomwe a njinga zamoto amadikirira makasitomala, akuuzani kuti thumbalo analimenya theche mpaka linaphulika, nkhuku za midzi itatu n'kudya mlungu wathunthu. Ku chigayo amati sizinatero, mayiwo anangoti, "Ine ndimadya mpunga wa ku Joni, chimanga chimanditupitsa m'mimba." Amayi a kwaya ali ndi yawo, ndipo amainena motsitsa mawu: ati anasuzumira m'kamakina kolembera anthu kaja n'kuona chilombo cha m'Chivumbulutso chikuwatsinzinira diso. Bambo wina wa ku Thekerani, amene tsikulo sanafikeko n'komwe, amalumbira kuti anaona ndi maso ake makina atatu akufuka utsi mayiwo atangowakhudza. Nkhaniyi ikamafika ku Limbe makinawo amakhala atakwana khumi ndi awiri, galimoto nayo itapsa.

Mayiwo alipodi. Dzina ndi a Lestina Khuliwa. Koma mukapita kukawaona ndi mantha, mukabwerako mutakhumudwa. Mdani wa makina ameneyu ndi wamfupi ngati tiyi wodulira, amayenda chowerama ngati akadaberekabe dengu, ndipo kumapazi kuli patapata imodzi yofiira, ina yabuluu.

A Lestina anabadwira m'komponi ya esiteti, mzere wachiwiri, khomo lachitatu kuchokera pa mpopi. Makolo awo anaoloka Ruo kuchokera ku Mozambiki ali ndi mkeka, mpeni ndi njala. Chaka chimene anabadwa palibe akuchidziwa. Mayi awo ankangoti ndi chaka chomwe fakitale inasiya belu n'kuyamba kuliza wezulo.

Dengu analibereka asanathe msinkhu, analitula patapita zaka makumi anayi ndi chimodzi. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kuyambira wezulo wa m'mawa mpaka thalakitala yomaliza. Anzawo ankathyola ndi zala zitatu kudzanja lililonse, monga amachitira anthu anzeru. A Lestina ankathyola ndi zonse khumi, ngakhale tizala takumapeto tija tomwe Mulungu anatilengera kukanda m'khutu. Ankati iwowa akalowa mu mzere, tiyi amachita kudumphira yekha m'dengu chifukwa cha mantha. Kawiri konse esiteti inawapatsa mphoto ya chitenje. Tiyi amene manja awiriwa anathyola mutamuphika tsiku limodzi, Ruo angasefukire mpaka ku Chiromo, azungu a ku Mangalande n'kumwa mpaka mano kuchita dzimbiri. Eni akewo amamwa wafumbi uja, wopanda shuga, akapezeka.

Anakwatiwa ndi a Goodson, mlonda wa ku fakitale, munthu wofatsa amene moyo wake wonse sanagwirepo wakuba ndi mmodzi yemwe. Bamboyo anamwalira ndi chifuwa chaka cha chiperoni chachitali. Ana anabereka asanu. Anayi ali kumanda a komponi, m'munsi mwa mabulugama. Wachisanu, Benard, anapita ku Joni, anatumiza chithunzi chimodzi atatsamira galimoto ya munthu wina, basi, zii mpaka lero. Mpunga wa ku Joni umene amanena ku chigayo uja ndi chithunzi chimenecho.

Msana utayamba kuvuta, esiteti inawathokoza mwaulemu wonse: bulangeti, ndowa, kugwirana chanza ndi bwana, ndi mwezi umodzi woti atuluke m'nyumba. Apa m'pamene anadziwa kuti wobadwira m'komponi alibe kwawo. Anzawo akapuma ntchito ankakwera lole kupita kumudzi kwa mayi awo. Kwa a Lestina, kwa mayi awo kunali khomo lachitatu lija, ndipo munali mutalowa kale banja lina ndi wailesi yawo. Alamu awo ena anawamvera chisoni n'kuwabwereka kamalo m'mphepete mwa mudzi, pomwe tiyi wa esiteti amathera, kamunda koti mbuzi itagonapo mchira umatulukira kwa eni ake. Anamangapo kanyumba ka udzu. Kuti adye, ankathyolera ganyu a Lackson, mlimi wina amene ali ndi kamunda kake ka tiyi kutsidya kwa mtsinje. Madzulo a tsiku lililonse ankabwera ndi kaphukusi ka ufa kaja amati wokumani, kokwana kuphika kamodzi. Tsiku limene sanathyole, sanadye. Moyo wake unali womveka bwino, wopanda zosokoneza.

Ndiye kunabwera namondwe uja, anatenga kamunda ka a Lestina kaja n'kukasiya kumtsinje. Chaka chotsatira dzuwa linamaliza zotsala. Pofika Novembala anthu anali atayamba kuwiritsa mango aawisi n'kumawatchula nkhomaliro. Pamenepo kunatulukira bungwe lina lachifundo, la dzina la zilembo zisanu zomwe ngakhale dalaivala wawo sadziwa tanthauzo lake. Uthenga unali umodzi: okalamba, olumala ndi amasiye azilandira thumba la chimanga mwezi uliwonse kuyambira Januwale mpaka kukolola. Ena anayamba kale kuganiza zogulitsako pang'ono. A Lestina anangoganiza kuti ndi thumba limenelo Epulo akamuona, popanda ilo kaya.

Komiti ya m'mudzi inalemba mayina, la a Lestina linali loyamba. Pa umphawi analibe wopikisana nawo. Wapampando anali a Amosi, kapitawo wawo wakale, amene anapuma ntchito ndi mimba yawo yonse komanso ndodo yomwe ankalozera mizere.

Koma a bungwe anali atapusitsidwapo kwina. Akuti kwina akufa ankadzuka kudzalandira chimanga, kwina gogo mmodzi ankabwera katatu atangosintha duku. Ndiye ulendo uno anabwera ndi kamakina kofanana ndi sopo wochapira, kolumikiza ku tabuleti. Uike chala pagalasi, kawerenge timizere ta pakhungu. Kakayaka zobiriwira, walembedwa. Kakayaka zofiira, yesanso.

Analembera pabwalo la sukulu. Aliyense ankayamba wajambulidwa chithunzi, kenako chala. Wogwira tabuleti anali mtsikana wa ku Blantyre, dzina lake Eunice, waulemu wake, wovala tisheti ya bungwe. A Amosi anayamba ndiwo, kuti aonetse chitsanzo. Chala chimene kwa zaka makumi atatu ntchito yake inali kuloza anzake chinali chonenepa bwino, mizere yake yooneka ngati tiyi wa paphiri. Kamakina kanayaka zobiriwira chalacho chisanafike n'komwe pagalasi.

"Mwaona? Zosavuta izi," anatero a Amosi. "Bwerani, mayi Khuliwa. Nambala wani wathu."

A Lestina anapukuta manja pachitenje, n'kugwada pang'ono pofika patebulo.

"Agogo, ikani chala chachikulu apa," anatero Eunice. "Musakanikize kwambiri."

Tii. Zofiira.

"Tayesani chinacho."

Tii. Zofiira. Anayenda nazo zala zonse za kumanja, anaolokera kumanzere, kamakina kakungofiira ngati diso la chidakwa. Eunice anatenga dzanjalo n'kulitembenuza. Analiyang'ana kanthawi. Zala zinali zakuda bii ndi utomoni wa tiyi, zolimba ngati chikopa cha ng'oma, ndipo kunsonga kwake kunali see ngati kumsana kwa supuni. Mizere yonse inatsala m'minda ya esiteti, tsamba lililonse linatengako kake.

"Agogo, zidindo zanu zili kuti?"

"Zidindo zanji, mwananga? Ine sanandipatse. Anandipatsa ndowa ndi bulangeti."

"Ndikunena timizere ta m'zala. Tapakani chala pamphumi, mafuta a pankhope amathandiza."

Anapaka. Pamphumi panali pouma ngati msewu wa mu Okutobala. Apa mzere wonse unasanduka madokotala. Wina anatulutsa vaselini, wina anati malovu, wina anabwera ndi madzi m'chitini kuti aviike, wina anati auzire mpweya ngati akuotha. Othyola anzawo nawonso kamakina kankawavuta, koma pomaliza kankalola kachala kakumapeto kaja, kaulesi, kosadziwa tsamba. A Lestina analibe chala chaulesi ndi chimodzi chomwe.

"Nanga za kumapazi?" anafunsa, akuvula patapata. "Zilipo khumi, sizinathyolepo tiyi."

Anthu anagwa nako kuseka. Eunice anaseka nawo, koma mu tabuleti munalibe malo a phazi.

A Lestina anatembenukira kwa a Amosi. "Akapitawo, tawauzani kuti ndine. Mwanditukwana zaka zingati inu?"

"Ine ndikukudziwani, achemwali. Ndikanakhala makina, bwenzi nditayaka kalekale. Koma awa alibe chibale."

Eunice anawakokera pambali, n'kuwafotokozera modekha. Njira zinalipo ziwiri. Yoyamba, pali fomu ya anthu opanda zala, koma imafuna kalata ya kuchipatala. Yachiwiri, iye anamvapo kuti munthu akapumitsa zala milungu itatu, osagwira ntchito yokhakhala, timizere timamera. Bungwe libweranso pakatha milungu itatu, tsiku lomaliza, kudzalemba otsalira. Likadutsa limenelo mndandanda utsekedwa.

M'mawa mwake a Lestina anauyamba ulendo wa kukachipatala ka kuseri kwa phiri. Anafika dzuwa litakwera, anakhala pabenchi mpaka linapendeka. Dokotala anali wachinyamata, wotopa, wa bolopeni kukhutu.

"Chavuta n'chiyani, agogo?"

"Ndikufuna kalata yoti ndilibe zala."

Dokotala anachotsa bolopeni kukhutu. Anawauza kuti ayale manja patebulo. Anawerenga mokweza, mwa ukatswiri wonse wa maphunziro ake, kuyambira kumanzere kukathera kumanja. Anabwerezanso kuchokera kumanja, mwina china chinabisala.

"Zilipo khumi, agogo."

"Zilipo, bambo, koma akuti sizikuoneka."

"Ine ndikuziona. Ndikalemba kuti palibe, ntchito indithera. Zikupweteka?"

"Ayi. Chikupweteka ndi m'mimba."

Dokotala anawapatsa panado. Anawalemberanso kalata, poti anali munthu wabwino ndipo sanafune kuti gogo abwerere chimanjamanja. Kalatayo inati mayi uyu zala ali nazo zonse. Anadindapo chidindo chachikulu chabuluu. Potuluka, bambo wina wa bala pamwendo, amene anamva zonse ali pabenchi, anati, "Mayi, chikwanje ndili nacho panjapo. Tingodulako ziwiri, mulandira chimanga mpaka Yesu adzabwere." A pabenchi anaseka. A Lestina anaseka nawo, koma panjira yobwerera anayenda mtunda ndithu akuziyang'ana zalazo, ngati akusankha.

Inatsala njira yachiwiri. Ndipo mvula, imene inakana kubwera chaka chonse chatha, inasankha mlungu umenewo. Inagwa masiku atatu, tiyi yense anaphukira kamodzi, mapiri anachita biriwiri ngati wina wawathira penti. Imeneyi ndiyo nyengo yomwe wothyola amadikira chaka chonse. A Lackson anafika pakhomo atavala jombo.

"Anganga, tiyi waphuka. Mawa m'mamawa."

"Sindibwera, bambo. Ndikumeretsa."

"Mukumeretsa chiyani? Chimera?"

"Mizere ya m'zala. Anatero a bungwe."

A Lackson anavula chipewa, anakanda m'mutu, anavalanso. "Anganga, tsamba likadutsa mlungu lakhwima, ku fakitale amalibweza. Ndiika munthu wina."

"Milungu itatu yokha."

"Amene ndimuikeyo sadzachoka poti inu mwamera. Naye ali ndi m'mimba. Taganizani bwino."

Anaganiza bwino. Wokumani ndi wa tsiku limodzi, ndipo tiyi akatha amatha naye. Thumba ndi la mwezi wonse. Anasankha thumba.

Ndiye mudzi unaona zomwe sunaonepo: a Lestina Khuliwa atakhala pakhonde masana, manja pamiyendo, ngati mkwatibwi wodikira kufupidwa. Chala chilichonse anachipaka mafuta a nsatsi n'kuchikulunga kansanza. Khasu sanaligwire. Nkhuni ankatola ndi zikhatho, mtsuko ankanyamula ndi mikono. Amayi odutsa ndi madengu ankawapatsa moni wapadera.

"Mosheliwa, adona. Tikutumizireni wantchito?"

"Musawasokoneze, akusunga manja a ukwati."

Chovuta chinali chakuti manjawo sanauzidwe. Akamadutsa m'mbali mwa tiyi wa esiteti popita kumjigo, zala zinkanyamuka zokha, nsanza zili lendelende, kulunjika kunsonga zanthete. Ankachita kuzipanira m'khwapa ngati ana osamva. Atakhala chete pakhonde, ankadzidzimuka zala zikuthyola mphepo, masamba awiri ndi kansonga.

Mlungu woyamba anadya mango owiritsa. Wachiwiri anasinthitsa ndowa ya esiteti ija ndi makaka, chinangwa chouma chakuda, ndipo anachigawa patatu. Wachitatu mango anatha m'mitengo yonse yosalondedwa, anayamba kumwa madzi ofunda a mchere n'kumagona chafufumimba. M'mawa uliwonse ankamasula nsanza, n'kuyang'anitsa zala padzuwa. Tsiku lina pachala chapakati cha kumanzere anaona kanthu ngati kaulusi. Anakaonetsa alamu awo. Alamuwo anati akuona, koma iwo maso awo anayamba kale kuchita nkhungu, nkhuku amaitchula mwana.

Tsiku lomaliza a Lestina anafika pasukulu galimoto isanafike. Otsalira anali ochepa: bambo wina amene anali kumaliro ulendo woyamba, amayi awiri, ndi iwo. Koma oonerera anadzaza bwalo, poti mbiri inali itamveka kuti lero ndi fainolo, mayi Khuliwa ndi makina.

Eunice anawamasula nsanza yekha, chala chimodzichimodzi. Khungu linali litafewa, lakuda pang'ono chabe.

"Zasintha, agogo. Tiyeni tione."

Tii. Zofiira. Tii. Zofiira. Dzanja lamanja linatha. Pa chala chapakati cha kumanzere kamakina kanakhala chete. Sikanafiire, sikanabiriwire. Kanaganiza. Bwalo lonse linasiya kupuma, ngakhale khwangwala amene anali padenga la sukulu anatseka pakamwa. A Lestina anamva mtima ukugunda m'chala momwemo.

Tii. Zofiira.

Anachibwereza chalacho kasanu ndi kawiri. Anachipukuta, anachinyowetsa, anachigoneka chammbali. Kamakina sikanaganizenso. A Lestina anatulutsa kalata ya kuchipatala m'chitenje, mwina ingathandize. Eunice anaiwerenga, anaipinda bwinobwino n'kuwabwezera.

"Kalatayi ikunena kuti zala muli nazo, agogo."

"Eya. Ili ndi chidindo."

Eunice anaimba foni ku ofesi. Netiweki inali pachulu cha kuseri kwa kalasi, anakwera pachulupo. Amene anayankha anati woyankha za makina ali ku semina. Dalaivala anali atayamba kale kuliza hutala, poti mitambo inali itada ndipo msewu wa kumeneko mvula ikagwa galimoto imagona komweko. Batire la tabuleti linali litatsala kamzere kamodzi.

Apa m'pamene panatulukira nzeru za amene anapanga tabuletiyo, munthu wophunzira kwambiri amene tiyi amamudziwira m'kapu. Dzina lililonse la pa mndandanda wa komiti linayenera kutsekedwa ndi limodzi mwa mabokosi atatu: walembedwa, sanabwere, wakana. Lachitatulo analiikira a mipingo ina amene safuna kuika chala pa makina. Bokosi la munthu amene wabwera kawiri, wagona ndi njala milungu itatu, zala ali nazo koma zilibe mizere, panalibe. Ndipo dzina limodzi likatsala lotsegula, mndandanda wa mudzi wonse sutumizika. Mayina makumi asanu ndi limodzi, a Amosi omwe.

Eunice anadina pa "sanabwere". Tabuleti inakana, inati chithunzi cha munthuyu chilipo, chojambulidwa pasukulu pano.

"Agogo," anatero, osawayang'ana kumaso, "ndidina apa kuti anzanuwa alandire. Koma ndikalemba kalata ku ofesi, ndikafotokoza zonse. Akakonza."

"Mukudina pati?"

"Pongotsekera chabe."

A Lestina sadziwa kuwerenga. Anaona chala cha mtsikanayo, chosalala, cha mizere yake yonse, chikugwa pagalasi. Koma a Amosi amadziwa kuwerenga, ndipo anali ataima kumbuyo kwa Eunice, khosi litatalika ngati la nthiwatiwa.

"Wakana," anawerenga mokweza, monga ankawerengera sikelo. "Lestina Khuliwa, wakana."

A kutsogolo anamva zonse. A pakati anamva kuti mayi Khuliwa akana. A kumbuyo, amene sankaona chilichonse, anafunsa kuti akana bwanji, ndipo panapezeka owayankha. Pamene galimoto inkatuluka pageti, thumba linali litamenyedwa kale theche, ngakhale kuti tsikulo panalibe thumba ndi limodzi lomwe.

M'mawa mwake a Lestina anaoloka mtsinje kupita kwa a Lackson. M'mizere yawo munali mayi wina wa mwana kumsana, akuthyola ndi zala zitatu. A Lackson anati Loweruka lokha azibwera, azidzathyola m'mphepete momwe mayiyo wasiya. Zala zofewa zija zinang'ambika tsiku lomwelo, zinatuluka magazi ngati za wophunzira kumene. Masiku enawo ankayendera alamu awo nthawi ya nkhomaliro, mpaka alamuwo anayamba kudya chitseko chili chotseka.

Januwale anafika, lole ya chimanga inafika. A Lestina anatenga thumba lakale la feteleza, analikutumula, analipinda n'kupita kusukulu. Mtsikana uja anati akalemba kalata, ndipo ankaoneka kuti si wabodza. Koma patebulo panali mnyamata wina. Eunice akuti anamutumiza ku Nsanje. Za kalata mnyamatayo sanamvepo, anati mwina ili m'njira.

Tsikulo kunabweranso bwana wa ku likulu, a Douglas, wa magalasi ndi chipewa cha bungwe. Anali atawerenga lipoti: m'dera lonse munthu mmodzi yekha ndiye anakana. Za chilombo cha m'Chivumbulutso anali atazimva kwa dalaivala panjira. Nkhaniyi inawakhudza kwambiri, ndipo anaganiza kuti asachoke asanaphunzitse anthu.

"Mayi Khuliwa alipo?"

Anthu anapatuka ngati akudutsa maliro. A Douglas anawapatsa mpando wawo womwe, wa pulasitiki, kutsogolo kwa aliyense, pafupi ndi mulu wa matumba. Fungo la chimanga linkawafika a Lestina m'mphuno.

"Agogo, ife timalemekeza chikhulupiriro cha munthu aliyense," anayamba a Douglas, pa chimkuzamawu. "Koma ndikufuna ndikutsimikizireni pamaso pa abusa kuti m'kamakina aka mulibe chilombo. Mulibe satana. Muli mawaya basi. Taonani."

Anaikapo chala chawo. Kanayaka zobiriwira. Anthu anaomba m'manja.

"Bwana," anatero a Lestina, akutambasula manja, "zala zangazi..."

"Achemwali, bwana akulankhula," ananong'oneza a Amosi.

Bwana analankhula. Analankhula za chitukuko, za umbuli, za mphekesera zimene zimabwezera midzi m'mbuyo. Anapempha abusa kuti awayendere mayiwa. Kumbuyo kwawo mayina anayamba kuitanidwa, matumba akunyamuka limodzilimodzi, ena pamutu, ena panjinga. La a Amosi linakwera wilibala. Mulu unkatsika, a Lestina akuuyang'ana kuchokera pampando waulemu, mpaka panatsala lona ndi timbewu tomwazika, ndipo ana anayamba kutola.

A Douglas anazimitsa chimkuzamawu, n'kuwerama mwachifundo.

"Mwamva bwino, agogo? Mantha atha?"

"Nanga thumba langa, bwana?"

"Aa, mndandanda unatsekedwa mu Disembala. Matumba amabwera ndi mayina ake, ine sindingathe kuwonjezera. Zikanatheka mukanavomera nthawi ija." Anawagwira paphewa. "Koma tikadzabweranso chaka chamawa musadzakanenso, eti?"

A Lestina anadzuka pampando pang'onopang'ono, atagwira tebulo. Anthu amene anali atasenza kale matumba anaima kuti amve, mwina atukwana, mwina amenya kanthu theche. Iwo anayang'ana bwanayo, n'kunena ndi mawu wamba, omveka mpaka kumbuyo:

"Ine sindinakane."